Wosiyidwa mu Wilo: Chuma Chamasiye, Munda ndi Msonkho

Nkhani yokambidwa kwa alangizi a zaulimi a m'madera a Turf, Kadoma ndi Chegutu

Mlangizi wa zaulimi si loya, ndipo palibe amene amayembekeza kuti aziweruza milandu ya chuma chamasiye. Komabe mwini munda akamwalira, mlangizi ndiye amayamba kuona zotsatira zake. Dzina la womwalirayo limakhala lidakali m'kaundula wa olandira mbewu ndi feteleza, pa khadi la ng'ombe la kudibi, ndiponso pa pangano la thonje. Abale akayamba kukangana, ng'ombe zimaleka kupita kudibi, pakuti palibe wofuna kuvutikira chiweto chimene mawa chingatengedwe ndi wina. Ku Mhondoro-Ngezi, kumene matenda a nkhupakupa otchedwa January disease apha ng'ombe zambiri kuyambira mu 2017, khola lodumphitsa dibi silichedwa kutsala ndowe zokha. Munda nawo umagonera mvula ikugwa. Nchifukwa chake nkhani ya wilo ili nkhani ya ulimi.

Mabanja ambiri a m'dera lino ndi a anthu amene makolo awo anachokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique. Ena anabwera wapansi, ena pa malole a Ulere, ena analembedwa ndi Mthandizi. Anagwira ntchito m'migodi ya golide ya Cam and Motor ku Eiffel Flats ndi Dalny ku Chakari, m'mafamu a azungu, ndiponso m'mafakitale a nsalu a David Whitehead, pamene Kadoma ankatchedwa Gatooma ndipo Chegutu ankatchedwa Hartley. Zidzukulu zawo zina lero zili ku Turf, tauni imene yakula kaamba ka mgodi wa Zimplats ku Ngezi. Mabanja otere ali ndi vuto lapadera. Mwambo wa Achewa ndi Ayao umati wolowa m'malo mwa munthu ndi mphwake, mwana wa mlongo wake. Mwambo wa Ashona amene akwatirana nawo umayang'ana kuchimuna. Ndipo lamulo la Zimbabwe silitsata uliwonse wa iwiriyi. Tsono pamaliro pakatuluka pepala lolembedwa ndi malemu, pamakhala wina amene amaona kuti wamanidwa chake.

Kodi munthu angamane mkazi wake kapena mwana wake?

Yankho lake ndi lowawa, koma nkofunika kuti mlangizi alidziwe, kuopa kulonjeza mkazi wamasiye zinthu zimene khoti silidzampatsa. Ku Zimbabwe munthu ali ndi ufulu wopereka chuma chake kwa amene wamfuna. Kwa zaka zingapo oweruza a Khoti Lalikulu ankasiyana maganizo pa tanthauzo la ndime 5 ya lamulo la Wills Act: ena ankati wilo yomana mkazi nyumba ndi yopanda mphamvu, ena ankati ndi yamphamvu. Mu Disembala 2020 Khoti la Supreme, motsogozedwa ndi mkulu wa oweruza Luke Malaba, linathetsa mtsutsowu pa mlandu wa Chigwada. Mwamuna anali atalemba kuti theka lake la nyumba lipite kwa mwana wake, osati kwa mkazi wake. Khoti linagamula kuti wiloyo inali yamphamvu, chifukwa ukwati wa ku Zimbabwe suphatikiza chuma cha mwamuna ndi cha mkazi pokhapokha awiriwo atapangana motero asanakwatirane.

Chigamulochi chimapweteka kwambiri amayi akumudzi, amene amalima zaka makumi atatu koma dzina lawo silipezeka pa pepala lililonse. Koma m'chigamulo chomwecho muli mfundo imene imawathandiza. Mayi wa pa mlanduwo sanataye theka lake la nyumba, popeza wilo imagawa chokhacho chimene chinali cha womwalirayo. Funso loyamba, motero, si lakuti "Kodi wilo yampatsa chiyani?" koma lakuti "Kodi pa zimene zalembedwazi, za malemu zenizeni ndi ziti?"

Apa ndi pamene kaundula wa mlangizi amakhala ndi ntchito. Khadi la kudibi kawirikawiri limalembedwa m'dzina la mwini khomo, ngakhale m'kholamo muli ng'ombe za anthu atatu kapena anayi. Mumakhala ng'ombe imene mayi anagula ndi ndalama za mtedza wake. Mumakhalanso imene analandira mwana wake wamkazi atakwatiwa, imene Ashona amati mombe yeumai, ndipo mwambo wawo womwewo umati ndi ya mayiyo payekha. Ng'ombe zotere si chuma chamasiye, ndipo wilo ya mwamuna ilibe mphamvu pa izo. Vuto ndi umboni. Mlangizi amene amalimbikitsa mabanja kulemba mwini wa chiweto chilichonse anthu adakali moyo, kusunga malisiti a pulawo ndi ngolo, ndi kulembetsa mayi m'dzina lake pa pangano la thonje limene akulima yekha, amakhala atazimitsa moto usanayake.

Kuunika wilo yeniyeniyo

Si pepala lililonse losiyidwa m'sutikesi limene lili wilo. Lamulo limafuna kuti ikhale yolembedwa, yosainidwa ndi mwini wake, ndipo mboni ziwiri zikhalepo pa nthawi imodzi ndi kusainanso. Mboni, kapena munthu amene analemba wiloyo m'malo mwa mwini wake, saloledwa kupindula nayo mwachisawawa. Wilo yolembedwa munthu atasokonezeka mutu ndi matenda, kapena yolembedwa mokakamizidwa, ingathe kutsutsidwa kukhoti, ngakhale kuti umboni wake ndi wovuta ndipo mlandu wake umadya ndalama. Pali zinanso ziwiri zimene abale amaiwala. Munthu akakwatira atalemba kale wilo, nthawi zambiri wilo yakaleyo imatha mphamvu; ndipo mwana wobadwa wilo italembedwa kale ali ndi chitetezo chake m'lamulo. Koma banja lisadalire kwambiri zolakwika zazing'ono, chifukwa Master wa Khoti Lalikulu, amene ndi woyang'anira chuma chamasiye chonse m'dziko, ali ndi mphamvu yovomereza pepala lopereweza zina ngati wakhutira kuti malemu analilemba ngati wilo yake.

Wilo ikagwa, chuma chimagawidwa ngati cha munthu amene sanalembe kanthu. Kwa mabanja otsata mwambo, kagawidwe kake kanasintha pa 1 Novembala 1997, pamene lamulo la Administration of Estates Act linakonzedwa. Lisanafike tsikulo mwana wamwamuna wamkulu ankatenga zonse; mlandu wa Magaya, umene Khoti la Supreme linagamula mu 1999 pomana mwana wamkazi nyumba ya bambo ake, unatsata lamulo lakalelo chifukwa bamboyo anamwalira lisanasinthe. Lero wolowa dzina amatenga dzinalo, ndodo ndi zinthu zamwambo basi. Mkazi amatenga nyumba imene ankakhalamo ndi katundu wa m'nyumba, nagawana zotsala ndi ana. Pa mitala, mkazi aliyense amatsala m'nyumba yake. Gawo limodzi mwa magawo atatu a chuma limapita kwa akazi, wamkulu kutenga magawo awiri ndi ena limodzilimodzi, ndipo zotsalazo ana amagawana mofanana. Ukwati wamwambo wosalembetsa umawerengedwa pa nkhaniyi. Ana obadwa kunja kwa ukwati nawo amalandira mofanana ndi anzawo, monga Khoti Lalikulu linagamula mu 2015 potsata malamulo aakulu a dziko a 2013. Mphwake wa malemu sapezeka pa mndandandawu pamene mkazi ndi ana alipo, kaya malume ake anamlonjeza zotani pabwalo.

Miyezi itatu

Njira yofunika koposa kwa wosiyidwa, imenenso anthu ambiri sakuidziwa, ili m'lamulo la Deceased Persons Family Maintenance Act. Lamuloli siligwetsa wilo. Limati munthu amene ankadalira malemu angathe kupempha chithandizo kuchokera pa chuma chamasiyecho, ngakhale dzina lake mulibe mu wilo. Ololedwa kupempha ndi mkazi kapena mwamuna wotsala, ana aang'ono, mwana wamkulu amene sangathe kudzisamala kaamba ka ulumali kapena matenda a mutu, kholo limene malemu ankalisamala, ndi wina aliyense amene malemu ankamsunga. Mphwa wamasiye amene analeredwa pakhomopo, nalipiriridwa sukulu ndi malemu, angalowere pakhomo limeneli. Mphwa wa ndevu amene ali ndi ntchito yake sangalowerepo. Chimodzimodzinso mwana wamkulu wathanzi lake: akasiyidwa mu wilo yamphamvu, wasiyidwa.

Khoti limayang'ana kukula kwa chuma, zosowa za wopemphayo, zaka zimene anakhala ndi malemu, ndi zimene anathandizapo pa chumacho. Lingalamule kuti apatsidwe ndalama kamodzi kapena mwezi ndi mwezi, kapena kuti akhale m'nyumbamo ngakhale umwini wake wapita kwa wina. Koma pempholi liyenera kuperekedwa kwa Master pasanathe miyezi itatu chiperekedwere kalata yopatsa mphamvu woyendetsa chumacho. Master angawonjezere nthawi pakakhala chifukwa chomveka, koma umenewo ndi mwayi chabe. Miyezi itatu ndi yochepa kwa mayi amene adakali m'zovala zamaliro, akudikira sadaka kapena kumeta, ndipo akuopa kuti akapita kukhoti apongozi adzati ndiye anapha mwamuna wake. Mlangizi akangomkumbutsa za nthawiyi, wachita zazikulu kuposa uphungu wina uliwonse.

Lamulo lomweli, pa ndime 10, limati mkazi ndi ana ali ndi ufulu wokhalabe m'nyumba, kugwiritsa ntchito ziwiya, zipangizo zaulimi ndi ziweto, ndiponso kudya mbewu za m'munda, kufikira chuma chitagawidwa mwalamulo. Wowalanda ndi wopalamula mlandu wa kupolisi. Wotchulidwa mu wilo alibe mphamvu yobwera ndi ngolo tsiku lotsatira maliro kudzatenga pulawo ndi ng'ombe zolimira. Ayenera kudikira kuti imfa ilembetsedwe kwa Master kapena kubwalo la majisitireti, monga la ku Kadoma ndi la ku Chegutu, zimene lamulo limafuna kuti zichitike pasanathe masiku 14. Kuti abale aitanidwe ku msonkhano. Kuti woyendetsa chuma apatsidwe kalata yake. Kuti ngongole zilengezedwe ndi kubwezedwa. Ndi kuti ndondomeko ya kagawidwe iikidwe poyera masiku 21, pamene aliyense wodandaula angathe kulemba dandaulo lake.

Munda suli ngati njinga

Mikangano yambiri ya m'dera lino ndi ya malo, ndipo pa malo wilo ili ndi mphamvu yochepa kuposa mmene anthu amaganizira. Dera lino lili ndi mitundu ingapo ya malo, ndipo uliwonse uli ndi lamulo lake.

Malo a m'midzi, monga a ku Mhondoro, ali m'manja mwa Pulezidenti molingana ndi lamulo la Communal Land Act. Amene amaloleza munthu kukhalapo ndi khonsolo ya dera, mogwirizana ndi mfumu ndi nyakwawa, imene kuno amati sabhuku. Munthu sangalembe mu wilo kuti akupereka dothi limene silinali lake. Angapereke nyumba, nkhokwe ndi mitengo yazipatso, koma za amene apitirize kulima zimakambidwa kwa sabhuku ndi kukhonsolo, ndipo mkazi wamasiye amene wakhala akulimapo ali ndi mawu kumeneko ngakhale wilo sinamtchule.

Minda yogawidwa kuyambira mu 2000 ili ndi nkhani yakeyake. Kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2005 kunaika mafamu otengedwawo m'manja mwa boma, ndipo alimi anapatsidwa makalata, ziphaso kapena lendi ya zaka 99. Pa minda yaing'ono ya A1, malamulo a 2014, otchedwa Statutory Instrument 53, amati mwamuna ndi mkazi amene anali pabanja pamene chiphaso chinkasainidwa ali ndi gawo lofanana pa mundawo. Mwamuna sangapereke gawo la mkazi wake kwa m'bale wake, ndipo kusintha dzina pa chiphaso kumadzera ku ofesi ya zamalo, osati pamaliro. Koma mu 2024 boma linalengeza kuti liyamba kupereka zikalata za umwini kwa olandira minda imeneyi, ndipo zoyamba zinaperekedwa mu Disembala chaka chomwecho. Munda ukakhala ndi chikalata cha umwini m'dzina la mwamuna yekha, umayandikira ku ufulu uja wa pa mlandu wa Chigwada. Choncho nthawi yolembetsa maina onse awiri ndi pamene chikalata chikukonzedwa, osati mwamuna atagona m'chipatala.

Chitsanzo cha zimene zimachitika pa malo a umwini chili pafupi, ku Msengezi m'boma la Chegutu. Mafamu aang'ono akumeneko anagulitsidwa kwa anthu akuda potsata lamulo la Land Apportionment Act la 1930, ndipo Angela Cheater anafufuza moyo wa alimi ake m'buku limene linatuluka mu 1984. Pa mafamu a mtundu umenewu wilo imagwira ntchito ndi mphamvu zake zonse. Banja likalephera kulembetsa chuma cha agogo, mibadwo iwiri kapena itatu imalima pa famu ya dzina la munthu amene anamwalira kalekale. Palibe angakongole ndalama ndi chikalatacho, palibe akufuna kukumba chitsime kapena kumanga mpanda, ndipo famu imagawika m'timinda popanda wolamula.

Kwa ana a anthu obwera, nkhaniyi imapotoka pena. Antchito a m'mafamu amene analandira minda mu 2000 anali ochepa kwambiri, ndipo lamulo la unzika la 2001 linasiya ambiri a iwo ndi zitupa zolembedwa kuti ndi alendo. Ambiri amalima pa malo obwereka, opatsidwa ndi mwini chiphaso pongogwirizana pakamwa. Malo otere sangalembedwe mu wilo, ndipo salowa m'chuma chamasiye. Cholowa chenicheni cha mabanja amenewa ndi ziweto, nyumba ya ku Rimuka, ku Pfupajena kapena ku Turf, ndi penshoni. Za penshonizo nkofunika kudziwa kuti ndalama za NSSA zopita kwa mkazi ndi ana a wantchito womwalira zimatsata malamulo a bungwelo, osati wilo, ndipo mathumba a penshoni a m'migodi nawo ali ndi malamulo awoawo a oyenera kulandira. Mayi wosiyidwa mu wilo apite kukafunsa. Chimene chimamgwetsa nthawi zambiri ndi mapepala: chitupa, setifiketi ya imfa, makalata a kubadwa a ana, ndi umboni wa ukwati. Ndime 43 ya malamulo aakulu a 2013 imati munthu wobadwira ku Zimbabwe malamulowo asanatuluke, amene kholo lake linali nzika ya dziko la SADC ndipo iye amakhala m'dzikomo, ndi nzika yobadwa. Amene adakali ndi chitupa chakale achisinthe ku ofesi ya kalembera imfa isanagwe pakhomo.

Za msonkho

Mabanja ambiri amabisa imfa ku ofesi ya Master poopa kuti boma lidzatenga theka la chuma. Mantha amenewa alibe maziko. Msonkho wa chuma chamasiye, wa m'lamulo la Estate Duty Act, ndi 5 pa 100, ndipo umadulidwa pa chuma chokhacho chopitirira malire oikidwa ndi boma, ngongole ndi zolipira pamaliro zitachotsedwa. M'zaka zotsatira 2009 malirewo anali madola 50,000 a ku America, ndipo akhala akusinthidwa pamene ndalama ya dziko inkasintha. A chaka chimenecho amapezeka ku ofesi ya Master kapena ku ZIMRA. Nyumba imene banja limakhalamo imachotsedwanso powerengera. Mlimi wa ng'ombe khumi, ngolo ndi nyumba ya malata safika n'komwe pamenepo. Msonkhowu umalipidwa kuchokera pa chumacho chisanagawidwe. Wolandira cholowa salipiranso msonkho wa malipiro pa zimene walandirazo.

Chimene chimaluma mabanja osauka ndi chindapusa cha Master, chimene kwa zaka zambiri chakhala 4 pa 100 ya mtengo wa chuma chonse, pamodzi ndi ndalama zolengezera m'nyuzipepala, zoyesera mtengo wa nyumba, ndi malipiro a woyendetsa chuma ngati ali wolembedwa ntchito. Zimenezi zimafuna ndalama zam'manja, ndipo banja lopanda ndalama limagulitsa ng'ombe yolimira kuti lilembetse nyumba. Mkangano umakweza mtengowu, chifukwa abale akalephera kugwirizana pa munthu mmodzi, Master amasankha wakunja, amene malipiro ake amachokera pa chuma chomwecho. Wosiyidwa mu wilo awerengere zimenezi asanasumire: mlandu wotsutsa wilo ku Khoti Lalikulu ungadye ng'ombe zonse zimene akulimbira, pamene pempho la chithandizo lija ndi lotsika mtengo.

Nyumba ikamachoka m'dzina la malemu kupita kwa wolandira, palibe msonkho wa phindu la pa malonda a katundu, ngakhale kuti ZIMRA imafunabe kupereka chikalata chake dzina lisanasinthidwe. Msonkhowo umabwera wolandirayo akadzaigulitsa. Palinso njira ya mtendere imene lamulo sililetsa: olandira cholowa angagwirizane kugawirako m'bale wosiyidwayo. Mgwirizano wotere ulembedwe, usainidwe ndi onse, ndipo uperekedwe kwa Master kagawidwe kasanatsekedwe. Ukachitika pambuyo pake, nyumba kapena malo zimasamutsidwa kachiwiri ngati mphatso, ndipo banja limalipira kawiri.

Chuma chotsala kumudzi

Akuluakulu ena anamanga nyumba ku Dedza, ku Ntcheu kapena ku Mangochi ndi ndalama za kumgodi. Nyumba ndi malo zimatsata lamulo la dziko limene zili, choncho za ku Malawi zimaweruzidwa ndi lamulo la kumeneko la 2011 loona za wilo ndi chuma chamasiye. Lamulo limenelo ndi lofewerapo kwa wosiyidwa, pakuti limapatsa khoti mphamvu yopatulira mkazi, mwamuna kapena ana gawo loyenera ngati wilo sinawaganizire, ndipo limati kulanda chuma chamasiye ndi mlandu. Kalata ya Master wa ku Harare siigwira ntchito payokha ku Malawi. Banja liyenera kukaonekeranso ku khoti kapena ku ofesi ya bwanamkubwa wa boma lakwawo.

Mlangizi asasunge wilo ya mlimi, asakhale mboni pa wilo imene akupindula nayo, ndipo asasinthe dzina m'kaundula wa mbewu pongomva mawu a m'bale mmodzi wolankhula mokweza. Wofunika loya koma alibe ndalama atumizidwe ku Legal Aid Directorate, ku Legal Resources Foundation, kapena ku mabungwe a maloya othandiza amayi monga ZWLA ndi WLSA. Pamene mapepala akuyenda, amene ali pakhomopo alandire mbewu ndi kulima monga mwa masiku onse, ndipo ng'ombe zipite kudibi pa khadi lakale lomwelo kufikira woyendetsa chuma atabweretsa kalata ya Master.